Ndaika short shifter, tsopano giya 2 ikukana m'mawa. Ndalakwitsa pati?

Nyalugwe28
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanapse mtima n'kuchizula chinthuchi. Ndili ndi BMW Z3 2.8 ya 1999, ya magiya 5. Chiigulireni, ndodo ya magiya inali yogwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka, moti ngakhale ili m'giya umatha kuiyendetsa uku ndi uku. Loweruka lapitali ndinaikamo short shifter, ndodo yofupikitsa mtunda umene dzanja limayenda posintha giya, yomwe ndinaitanitsa pa intaneti, yachitsulo chonyezimira, katoni yake yopanda ndi dzina lomwe. Wogulitsa analemba kuti dzanja liziyenda mtunda wochepa ndi 40%. Kufupika kwafupikadi, pamenepo sindinama.

Koma taonani zomwe zabwera nazo. M'mawa galimoto isanatenthe giya 2 ikukana, ndikuchita kukoka ndi phewa lonse, ndipo nthawi zina ikulowa ndi kaphokoso kakuti khrrr. Injini ikapitirira kuzungulira ka 4000 pa mphindi ndodo ikunjenjemera n'kumalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kugwedera kuja nakonso sikunathe, kwangochepa pang'ono. Choopsa chinachitika dzulo: ndimachoka 5 kupita 4, ndodo n'kukalowa 2. Mwayi wake ndinamva injini ikuyamba kukuwa ndisanachotse phazi lonse pa klatchi, ndinapondanso msanga. Kodi ndagula chinyengo, ndamanga molakwika, kapena ma short shifter onse ndi otere?

Sipanala_10
Musanatukwane wogulitsa achimwene, tayankhani ichi: kupatula ndodoyo, munasinthanso chiyani pansipo?

Nyalugwe28
Palibe. Ndinazula yakale, n'kulowetsa yatsopano m'kakapu komweko, n'kubwezera klipi. Ola limodzi ntchito yatha.

Sipanala_10
Ndiye mwafolera denga latsopano pa mitengo yoti chiswe chinadya kale. Pa galimoto yanuyo ndodo siilowa m'giyabokosi mwachindunji. Imakhala pa mkono wa aluminiyamu, kampira kake kali m'kakapu kapulasitiki. Mkonowo kutsogolo wagwira giyabokosi kudzera m'mabushi, kumbuyo wapachikidwa ku bodi ndi labala. Kunsi kwa ndodo kuli kachitsulo kena kogona kamene kamapita ku joini ya pa giyabokosi, ndipo m'mbali mwake muli mawashala apulasitiki opyapyala. Tawerengani malo amenewo: kakapu, mabushi akutsogolo, labala wakumbuyo, mawashala, joini. Paliponse pakadyeka theka la milimita, pofika kumutu kwa ndodo mwapitirira sentimita. Galimoto yadutsa zaka 25, pulasitiki ndi labala sizingakhale momwe zinatulukira kufakitale. Chimene chinkakunyansani poyamba chinali kugwedera, inu n'kuchitcha kutalika kwa ndodo, n'kugula mankhwala a matenda ena.

Kalulu_wa_Liwiro
Aise usamvere madalawa, akungokuopseza. Short shifter imayamba yolimba, uipatse masabata awiri ifewa yokha. Ine ndinaika yanga chaka chatha, pano ndimasintha giya ngati ndikuyatsa getsi. Galimoto inachita kusanduka ina, ikuthamanga.

MphiraYatha
Ikuthamanga? Ndodoyo yawonjezera mahatchi angati mu injini?

Kalulu_wa_Liwiro
Si za mahatchi madala. Nthawi yosinthira giya yachepa.

GogoKlatchi
Ana anga, tiyambe ndi masamu, chifukwa chitsulo sichimva zokopa za ogulitsa. Ndodo ya magiya ndi mgwala basi. Kampira kaja ndiye mwala umene mumatsamiritsapo mgwalawo. Mbali yapamwamba ndi yaitali, yapansi ndi yaifupi, ndiye dzanja limayenda kwambiri ndi mphamvu yochepa, pansi pakuyenda pang'ono ndi mphamvu yambiri. Ndipereke manambala ongoyerekeza: pamwamba 200 mm, pansi 40 mm. Kuti pansi payende 10 mm, dzanja liyenda 50 mm. Opanga short shifter amatalikitsa mbali yapansi, tinene ikhale 50 mm, yapamwamba 190 mm. Tsopano dzanja liyenda 38 mm. Koma giyabokosi siikudziwa kuti mwasintha kanthu. Ikufunabe 10 mm yake ndi mphamvu yake yomwe ija, ndipo mtunda umene mwachotsawo muulipira ndi mkono. Mukafupikitsa ndi 30%, mphamvu yofunika imakwera ndi pafupifupi 43%. Mukafupikitsa ndi 40% ngati yanuyo, a Nyalugwe, imakwera ndi magawo awiri mwa atatu. Walira mvula walira matope. Kulimbako sikutha m'masabata awiri ayi, mkono ndi umene umazolowera, mwini wake n'kumauza anthu kuti ndodo yafewa.

Tsopano za nthawi zomwe akunena a Kalulu. Chimene chimadya nthawi posintha giya ndi synchro. Ndi karing'i, kawirikawiri kamkuwa, kamene kamakhuzana ndi giya yomwe mukufuna kulowayo mpaka liwiro la ziwirizi lifanane, ndipo lisanafanane kamatsekereza njira dala. Kukana kumene mumamva m'dzanja ndi komweko: karing'i kakuti dikirani kaye. Kuchoka 1 kupita 2 ndiye phompho lalikulu kuposa onse. Pa giyabokosi ngati yanuyo giya 1 ili cha pa 4.2 (injini imazungulira ka 4.2 kuti shafuti yotuluka m'giyabokosi izungulire kamodzi), giya 2 cha pa 2.5, kutanthauza kuti zam'kati ziyenera kutsika liwiro ndi pafupifupi 40% giya isanalowe. N'chifukwa chake synchro ya 2 ndi imene imayamba kutopa pa galimoto zambiri. Onjezanipo oyilo wozizira wam'mawa, woti ndi wolimba ngati phula. Ndi ndodo yakale zonsezi zinalipo, kungoti mgwala wautali unkazibisa.

Kalulu_wa_Liwiro
Agogo mwalemba buku lonse. Koma ine kusiyana ndikukumva m'dzanja mwangamu.

GogoKlatchi
Kumva mukumvadi mdzukulu wanga, ndipo n'kokoma, inenso ndili nayo pa galimoto yanga. Ndikungokana zoti mwapeza liwiro. Tengani wotchi mukayese, mudzatiuze.

MphiraYatha
Ine ndimangonena chilungamo: zinthu zimenezi zimapha magiyabokosi. Mainjiniya anakhala pansi n'kusankha kutalika kwa ndodo, ndiye munthu wa makina osulira zitsulo kuseri kwa nyumba awaposa nzeru?

Mtondo986
Apa ndiye ndikutsutsani a Mphira. Mainjiniya omwewo amapanganso ndodo zazifupi. Porsche imaika shifta yofupikirapo pa GT3, ndipo eni a Boxster 986 ndi 911 ya 996 ambiri amatenga ya 997 GT3 n'kuika pa zawo. Ya galimoto wamba amaipanga yofewa chifukwa iyenera kukomera aliyense, wamkono wamphamvu ndi wofooka yemwe, ndiponso isamveke phokoso. Si kuti kutalika kumeneko ndi lamulo la Mose. Ndodo payokha siipha synchro, chimapha ndi dzanja. Munthu akaika short shifter amayamba kudziona ngati ali pa mpikisano, n'kumamenya giya m'malo moilowetsa. Ine yanga yatha zaka zisanu, giya iliyonse ikulowa bwinobwino.

Koma dziwani kuti yanga ndi ya makebulo, osati ya zitsulo ngati ya a Nyalugwe. Injini ndi giyabokosi zili kumbuyo kwanga, ndodo imakoka makebulo awiri, imodzi ya kutsogolo ndi kumbuyo, ina ya kumanzere ndi kumanja. Kwa ife vuto limakhala kuchuna makebulowo. Ukaphonya pang'ono, 1 ndi rivesi zimayamba kusokonezana. Tsiku loyamba ndinachuna mongoyerekeza, ndinatsala pang'ono kulowa m'khoma la galaja chambuyo.

MphiraYatha
Ndiye mwavomereza nokha kuti imasintha khalidwe la woyendetsa. Mapeto ake ndi omwewo, synchro yafa.

Mtondo986
Mpeni wakuthwa ukakucheka, wolakwa ndi wonola?

Kona_Yachitatu
Inu mukukangana za synchro, ine chandiimitsa tsitsi ndi chija cha 5 kupita 2. A Nyalugwe, musachitenge mopepuka. Pa galimoto yanuyo giya 5 ndi 1.00, giya 4 ndi 1.24, giya 2 pafupifupi 2.5. Mukakhala pa 3500 mu 5 n'kulowa 4, injini ikwera kufika cha pa 4300, palibe vuto. Mukalowa 2 n'kusiya klatchi, matayala akakamiza injini kuzungulira cha pa 8700, pomwe mzere wofiira uli cha pa 6500. Ndipo musadalire kuti kompyuta ya injini ikutetezani. Iyo imangodula mafuta injini ikamadzithamangitsa yokha. Apa ndi matayala akuipota, kudula mafuta sikuthandiza kanthu. Mavalavu amalephera kubwerera msanga, pisitoni n'kuwapeza panjira.

Ndikunena zomwe zinandionekera. Ndinali pa bwalo la mpikisano tsiku loyeserera, ndikulowa pakona, thupi lakankhidwira mbali imodzi, dzanja lafumbata ndodo ngati ndikupha njoka. Ndinkafuna 4, ndinapeza 2. Kulira kwake sindidzaiwala. Mavalavu opindika, galimoto inabwerera pa lole. Ndodo yanga inali yofupikitsa mbali zonse, chifukwa ukasuntha kampira sufupikitsa kutsogolo ndi kumbuyo kokha, mipata ya pakati pa 1-2, 3-4 ndi 5 nayonso imayandikana. Pamwamba pa izo mamaunting'i a giyabokosi anali atafewa, ndiye pakona giyabokosi inkapendekeka, njira ya 4 n'kusuntha.

Chimene ndinaphunzitsidwa pambuyo pake: pochoka 5 kupita 4 osafumbata ndodo. Itulutseni mu 5, isiyeni sipuling'i iibweze yokha pakati, kenako kokerani kumbuyo ndi zala, chikhatho chikuyang'ana kumbali yotalikana ndi giya 2. Komanso muyese galimoto itaima: kankhirani ndodo kumanzere muisiye, kumanja muisiye. Ikuyenera kubwerera yokha pakati pa 3 ndi 4. Ikamazengereza, pali chimene chikuigwira.

Nyalugwe28
Ndangotuluka kukayesa. Kuchokera kumanja ikubwerera. Kuchokera kumanzere ikubwera mwaulesi, nthawi zina ikuima panjira.

Sipanala_10
Ndi yakale inkatero?

Nyalugwe28
Ayi, yakale inkabwerera, ngakhale inkafika ikuvina.

Sipanala_10
Ndiye zam'kati mwa giyabokosi tizisiye kaye, vuto lili pa zomwe mwagwira. Mwina kampira katsopano n'kothina m'kakapu ndipo simunapake girizi, mwina pansi mwapanikiza mawashala, mwinanso mbali yapansi yatalika moti kachitsulo kogona kaja katsika n'kumakhudza china chake pafupi ndi propshaft, chitsulo chozungulira chija chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo. Chachitatuchi chimachitika ndithu pa ndodo zofupikitsa kwambiri. Mukalowa pansi muyang'ane pamene pachita kunyezimira ngati papalidwa. Ndipo chonde galimoto ikhale pa masitandi, jeke yokha siigonedwa pansi.

Oyilo_Wakuda
Za giya 2 m'mawa thirani m'giyabokosi oyilo wa 75W-90 GL-5, wolimba bwino, mavuto onse atha.

Sipanala_10
Ayi ayi, a Nyalugwe musathire zimenezo. GL-5 anapangira makamaka ma diff, magiya ogawira mphamvu ku matayala, kumene mano amatsetsereka mopanikizana kwambiri. Synchro imagwira ntchito ndi kukhuzana, ndiye oyilo woterera mopitirira amaichedwetsa, ndipo mankhwala a sulufule a mu GL-5 wina sagwirizana ndi mkuwa. Magiyabokosi ambiri okhala ndi synchro zamkuwa amafuna GL-4. Koma ngakhale zimenezo musatengere kwa ine. Magiyabokosi a BMW a zaka zimenezo amakhala ndi kapepala komata pambali kosonyeza oyilo wake, ena ATF, ena MTF, ndipo onsewo ndi opyapyala kuposa 75W-90. Mukathira wolimba, m'mawa muzidzachita kukoka ndi manja awiri. Pukutani pambalipo muwerenge. Posintha, yambani mwamasula bawuti yothirira musanamasule yokhetsera. Ndaonapo anthu atakhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti yothirira yakana kumasuka.

Oyilo_Wakuda
Ine ndakhala ndikuthira GL-5 zaka zonsezi.

Sipanala_10
Pa galimoto yanji?

Oyilo_Wakuda
Subaru.

Sipanala_10
Eya, chifukwa pa Subaru diff yakutsogolo ili m'chikombole chimodzi ndi giyabokosi, zimamwera oyilo mmodzi, ndiye buku lake limafunadi GL-5. Mankhwala a mnzako samwera matenda ako.

NaMiata
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndilankhuleko poti ena akuyesa kuti galimoto zonse n'zofanana. Yanga ndi Mazda MX-5 yoyambirira ija, imene inatuluka mu 1989, ya magetsi otukuka. Pa imeneyi ndodo imalowa m'giyabokosi mwachindunji, palibe mkono, palibe makebulo. Honda S2000 nayonso ndi choncho, n'chifukwa chake anthu amazitama kuti magiya ake amalowa ngati loko wa chitseko chabwino. Komabe yanga itakalamba inayamba kugwedera ndi kulimba nthawi imodzi, ndipo mwendo wanga unkamva kutentha kuchokera pa ndodo. Achimwene anga anati gula short shifter. Ndisanagule ndinatsegula kuti ndione. Malabala awiri otchinga aja anali atang'ambika, ndiko kumene kunkalowera kutentha. Kabushi kapulasitiki ka kunsonga kwa ndodo kanali katadyeka. Kachitsime kamene ndodo imakhalamo, koyenera kukhala ndi oyilo pang'ono, kanali gwa, kouma. Ndinasintha timapulasitikito ndi malabala, n'kuthiramo oyilo. Short shifter sindinagulenso mpaka lero, ndipo achimwene angawo atayendetsa anandifunsa kuti ndagula ya kampani yanji.

Sindikunena kuti ndi zoipa. Ndikunena kuti ambiri amene amati short shifter inasintha galimoto yawo anasinthira limodzi mabushi, ndiye sadziwa kuti chawathandiza n'chiti.

Kalulu_wa_Liwiro
Achemwali mwandilasa. Yanga inabweradi ndi mabushi ake m'katoni.

Otomatiki_Basi
Mavuto onsewa a chiyani abale? Magiyabokosi a klatchi ziwiri amasintha giya musanaphethire n'komwe. Ngakhale Ferrari ndi Lamborghini anasiya kalekale kupanga za ndodo. Inu mukulimbana ndi timapulasitiki pansi pa galimoto kuti mupulumutse kachigawo ka sekondi.

MphiraYatha
Wabwera uja.

Kona_Yachitatu
Pa liwiro mukunena zoona, palibe dzanja lingapose makina amenewo. Koma Porsche itatulutsa GT3 ya 991 yopanda ndodo, ogula anadandaula mpaka mu 2017 inabwezeretsa ya magiya 6 apamanja. Anthu amenewo sankasowa ndalama kapena nzeru. Ankadziwa kuti ya PDK, ya klatchi ziwiri ija, ndi yachangu, koma ankafuna kuti kugwira ntchitoko kukhale kwawo.

Otomatiki_Basi
Kugwira ntchito pa mzere wa magalimoto madzulo, mwendo wamanzere ukunjenjemera?

NaMiata
Bambo, mwalowa m'nyumba ya oimba n'kumafunsa chifukwa chake sakungotsegula wailesi.

GogoKlatchi
Tibwerere kwa mwini nkhani, sanathandizidwe. A Nyalugwe, pali chinthu china choti muyese musanagule kalikonse, ndipo sichifuna sipanala. Injini ikulira, galimoto itaima pamalo osatsetsereka, pondani klatchi mpaka pansi, werengani mpaka 5, lowetsani giya 1. Kenako zimitsani injini muyesenso. Ngati injini itazima magiya onse akulowa mosavuta koma ikamalira akukana, klatchi yanu siikulekanitsa bwino. Kawirikawiri ndi mpweya m'mapaipi ake kapena silinda yotopa. Klatchi ikamakoka pang'ono chonchi, synchro imalimbana ndi injini yonse m'malo molimbana ndi mashafuti okha, ndipo palibe ndodo kapena oyilo amene angakonze zimenezo.

Za m'mawa, pamene mukudikira zipangizo: musakoke ndi phewa. Tulukani mu 1 msanga injini isanakwere, imani kamphindi pa nyutulo, kenako tsamiritsani ndodo pakhomo pa 2 ndi mphamvu yochepa koma yosalekeza. Mudzamva ikumezedwa yokha. Khrrr aliyense amene mukumva ndi mano akudyana.

Nyalugwe28
Ndayesa agogo. Giya 1 ikulowa chimodzimodzi, injini ikulira kapena itazima. Ndiye klatchi ndiyesa ili bwino. Nanga kulira kwa njuchi kuja?

Mtondo986
Tengani ndodo yakale ija muiyang'ane. Muona kuti ndi zitsulo ziwiri, chapamwamba chavekedwa pa chapansi, pakati pali labala. Labala ameneyo ntchito yake ndi kumeza kunjenjemera kwa giyabokosi kusanafike m'dzanja. Zotchipa zambiri ndi chitsulo chimodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndiye chilichonse chikuchitika m'giyabokosi mukuchimva. Ena amazikonda, amati galimoto ikulankhula nawo. Paulendo wa maola anayi imalankhula mpaka mutu kuwawa. N'chifukwa chake eni BMW za E36 ndi E46 ambiri amangotenga ndodo ya BMW yomweyo ya mtundu wina, monga ya Z3 M kapena ya E60 545i. Ndi yofupikirapo koma labala wake ali momwemo. Mufufuze kaye ngati ikukwana pa yanu musanaitanitse.

Kalulu_wa_Liwiro
Kapena ungogula mutu wolemera wachitsulo aise. Umathandiza kukankha giya, phokoso limachepanso.

MphiraYatha
Mutu wachitsulo galimoto ikakhala padzuwa umasanduka ayironi. Ndili ndi mnzanga ankayenda ndi sokosi ya mwana yovekera ndodo.

GogoKlatchi
Apa a Kalulu sananame kwenikweni. Kulemerako kumathandiza ndodo kudutsa pokana paja ndipo kumachepetsa kunjenjemera. Koma chenjerani ndi mitu yaitali. Ndinaonapo mnyamata ataika short shifter, yamulimbira, n'kugula mutu wotalika kuti ifewe. Ndiye kuti wabwezera mgwala pomwe unali, walipira kawiri kuti afike pomwe anayambira. Enanso amangodula ndodo ndi sowo. Dzanja limayendadi pang'ono, koma ndodo yatsika, mukuchita kuifunafuna pansi kutali ndi chiwongolero.

Ndipo poti tikunena za manja: mukamaliza kusintha giya, dzanja libwerere pa chiwongolero. Kuligoneka pa ndodo kumakankha foloko yam'kati kuti izikhuza chitsulo chozungulira ulendo wonse.

Kalulu_wa_Liwiro
Agogo avomereza kuti ndanena zoona. Wina ajambule.

Nyalugwe28
Ndabweranso akuluakulu, patha masabata atatu. Ndimadikira zipangizo, kenako ndinathera Loweruka lonse ndi theka la Lamlungu pansi pa galimoto. Manja anga ali ngati ndimamenyana ndi mphaka. Kaklipi kamene kamagwira mkono uja pamwamba pa giyabokosi kanandidyera maola awiri kokha, ukukagwira ndi nsonga za zala koma osakaona.

A Sipanala, munalosera ngati munalipo. Mabushi akutsogolo anatuluka ali zidutswazidutswa. Labala wakumbuyo anali ataphwanyika, atanyowa ndi oyilo. Washala mmodzi kunalibe n'komwe, sindikudziwa ngati anagwa kalekale kapena ndinamutaya ndine tsiku lija. Kampira ka ndodo yatsopano kanali kouma, girizi sindinapake, kulakwa kwanga. Ndipo pa kachitsulo kogona paja ndinapezadi pamene panyezimira, kankakhudza. Oyilo amene anatuluka anali wakuda bii, wochepanso. Ndinathira wolembedwa pa kapepala kaja.

Tsono ndinachita zomwe ananena a NaMiata, kuti ndidziwe chathandiza n'chiti. Ndinayamba ndabwezera ndodo YAKALE pa mabushi atsopano. Abale, sindinaizindikire. Kugwedera kulibe, ikubwerera pakati yokha kuchokera mbali zonse, njuchi yafa, giya 2 m'mawa ikulowa ndi zala ziwiri ngakhale ikadali ndi kakukana pang'ono mpaka nditayenda mphindi zisanu. Ndinayenda nayo masiku anayi. Kenako ndinaikanso yachitsulo ija, nditapaka girizi. Kunena zoona ndi yokoma galimoto ikatentha, 3 kupita 4 ndi kungoti tiki. Koma kulira kuja kunabwerera, ndipo mpata wa pansi paja ndi wochepa moti mtima sukukhazikika. Ndaichotsanso. Pano muli yakale, yonyezimirayo ili pa shelefu. Ndikuganiza zoyesa ya Z3 M ija, koma mayi akunyumba, omwe amayendetsanso galimotoyi, anena kuti ndikakhudzanso ndodo imeneyi ndikagone m'galaja momwemo.

MphiraYatha
Ndinanena ine.

Mtondo986
Munanena kuti iphetsa giyabokosi. Munthu wapeza mabushi akutha ndi oyilo wakale, inu mukuti munanena.

Kalulu_wa_Liwiro
Aise ya pa shelefuyo ukuigulitsa? Ndili ndi mnzanga wa E36.

Kona_Yachitatu
Mnzakoyo umuuze awerenge zonsezi kuyambira pamwamba. A Nyalugwe, mamaunting'i a giyabokosi munawaona muli pansipo?

Nyalugwe28
Ndinawaona, limodzi layamba kung'aluka, ndaitanitsa onse awiri. Funso lomaliza: nditamaliza kumanga ndapeza kaklipi kamodzi katsala pansi, kooneka ngati chilembo C chophwatalala. N'kofunika?

Sipanala_10
Musalize galimotoyo. Kameneko ndi kamene kamagwira kachitsulo kogona kuti kasatuluke pa ndodo. Kakasowa, tsiku lina ndodo idzangoti lende m'dzanja muli pakati pa msewu. Lowani pansi ndi tochi muone mbali zonse ziwiri, ya ku ndodo ndi ya ku joini.

Nyalugwe28
Ndalowa, ndaona. Mbali zonse zili ndi klipi yake yatsopano. Kotsalako n'kakale, kali ndi dzimbiri. Malaya oyera ndinavala opita nawo kuntchito aja ndiye musandifunse.